Wophunzira Masamu Amakagwira Kuti mu Lilongwe Muno?

[Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA:  Lero ndikufuna kucheza makamaka ndi inu achinyamata amene mwangolowa kumene ku yunivesite, komanso inu amene mwalemba mayeso a Fomu 4 ndipo mukudikira kuti mayina atuluke. Makolo, musatalikire wailesi, poti funso la lero limachokera kwa inu kawirikawiri. Mwana akabwera ndi uthenga woti amusankha kukaphunzira masamu, nthungululu zimachepa poyerekeza ndi za mnzake amene wapita ku udokotala kapena ku zamalamulo. Amalume amakanda kumutu n'kufunsa kuti, "Ndiye ukamaliza udzagwira yanji? Choko basi?" Mwanayo amangoti kukamwa yasa, chifukwa nayenso palibe anamuuzapo.

M'mayunivesite ena kunjaku, ophunzira a chaka choyamba amawakonzera macheza apadera opanda mayeso. Sabata ino kumabwera mphunzitsi kudzafotokoza zimene amafufuza, sabata inayo kumabwera munthu amene anaphunzira masamu pomwepo koma lero ali ku banki, ku chipatala kapena ku kampani ya mafoni. Ndimalakalaka mwana aliyense wolowa ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu University ndi ku LUANAR kuno kwathu atamamva macheza otere asanaone n'komwe pepala loyamba la mayeso. Lero tiyesa zomwezo pa wailesi, ndipo zitsanzo zathu tizitola mu Lilongwe momwe muno.

Tiyambire ku City Centre, pa likulu la Reserve Bank of Malawi. Mu Novembala 2023 bankiyi inalengeza kuti dola imodzi ya ku America, yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180, izigulidwa K1,700. Nkhani inamveka paliponse, m'maminibasi, m'mashopu a mu Malangalanga, m'maofesi a ku Capital Hill, kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Tsono tengani cholembera. Kuchoka pa 1,180 kufika pa 1,700, kusiyana kwake ndi 520. Mukagawa 520 ndi 1,180 mupeza 44 pa 100. Ndiye kuti mtengo wa dola unakwera ndi 44 peresenti, apo palibe wotsutsa. Koma funsani funso lina. Mayi wogulitsa nsalu ku Old Town amene anali ndi K1,180,000 m'chikwama, dzulo lake akanagula madola 1,000. M'mawa mwake ndalama yomweyo ikanamugulira madola 694. Watayapo madola 306 pa 1,000, omwe ndi pafupifupi 31 peresenti. Choncho dola inakwera ndi 44, pomwe mphamvu ya kwacha yogulira dola inatsika ndi 31. Manambala onse awiri ndi oona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Wogula katundu kunja amafuna loyambalo kuti adziwe makwacha owonjezera amene asake, pomwe amene anasunga makwacha amafuna lachiwirilo kuti adziwe chimene chamutsalira.

Munthu wophunzira masamu akamva mawu oti peresenti, amayamba wafunsa kuti, "Peresenti ya chiyani?" Chizolowezi chimenechi ndicho olemba ntchito amagula. Kuchulukitsa ndi kugawa mwachangu, foni wamba imatha kuposa tonsefe. Ku Reserve Bank kuli anthu amene ntchito yawo ndi kutsata kukwera kwa mitengo ya zinthu mwezi ndi mwezi, kuyerekeza kumene ikulowera, ndi kulangiza akuluakulu pa chiwongoladzanja chimene mabanki ena onse amayang'anirako. Bwanamkubwa wa bankiyi ndiyenso amayang'anira makampani a inshuwalansi ndi a penshoni. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni: bwana amaikapo osachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ndalama imeneyi ya mtsikana wa zaka 25 amene wangoyamba ntchito ku Area 4 idzafunika patapita zaka makumi atatu ndi kuposerapo. Wina ayenera kuwerengera kuti idzakhala itakula bwanji, mitengo idzakhala itadya zingati, ndiponso anthu opuma ntchito amakhala ndi moyo zaka zingati. Akatswiri a zimenezi amatchedwa ma actuary. Akamaliza digiri amalembanso mayeso a mabungwe monga Actuarial Society of South Africa kapena Institute and Faculty of Actuaries ya ku Britain, mayeso otenga zaka zambiri, ndipo ambiri amalemba ali kale pantchito.

Masamu omwewo a penshoni ndi amene amapweteka anthu ku katapila, kungoti kumeneko amathamanga. Tiyerekeze kuti mwabwereka K100,000 pa mgwirizano woti mwezi ukatha muwonjezerepo theka, ndipo mukalephera, theka linalo liwerengedwe pa ngongole yonse. Mwezi woyamba K150,000. Wachiwiri K225,000. Wachitatu K337,500. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ngongole yadutsa K1,100,000. Wophunzira wa chaka choyamba amene wamvetsa kakulidwe kotereka wamvetsanso mmene matenda opatsirana amafalikira m'masabata oyamba, chifukwa masamu ake ndi amodzi.

[Nyimbo pang'ono]

WOULUTSA: Tsopano ndikuchenjezeni za chinthu chimene chimadzidzimutsa ambiri akalowa m'kalasi ya masamu ku yunivesite. Ku sekondale mumapatsidwa njira, mumaiyeserera kangapo, pa mayeso a MANEB mumaibwereza, ndipo yankho likalondola mwakhoza. Ku yunivesite mphunzitsi amalemba chiganizo pa bolodi n'kunena kuti, "Tsimikizani kuti izi ndi zoona." Ana amene ankatenga malikisi onse ku sekondale amapezeka akulephera mayeso oyamba, ena mpaka kuyamba kuganiza kuti anasochera. Sanasochere ayi, ntchito ndiyo yasintha.

Tiyeni tiyese limodzi, kuti mulawe. Wonkhetsani manambala osagawika pawiri motsatizana. 1 yekha ndi 1. 1 ndi 3 ndi 4. Kuwonjezera 5, tapeza 9. Kuwonjezera 7, tapeza 16. Mwaona? 4 ndi 2 kuchulukitsa ndi 2, 9 ndi 3 kuchulukitsa ndi 3, 16 ndi 4 kuchulukitsa ndi 4. Wa ku sekondale anena kuti, "Zikuoneka kuti zimatero nthawi zonse." Wa ku yunivesite amufunsa kuti, "Ukudziwa bwanji kuti pa nambala ya chikwi sizidzasokonekera? Wayesa zinayi zokha." Tolani zitsekerero za mabotolo pa golosale yapafupi. Ikani chimodzi pansi. Kuti mupange sikweya ya ziwiri m'litali ndi ziwiri m'lifupi, muika chimodzi kumanja, chimodzi kumunsi, chimodzi pakona: zitatu. Kuti ikule kufika pa zitatuzitatu, muika ziwiri kumanja, ziwiri kumunsi, chimodzi pakona: zisanu. Ulendo wotsatira zitatu, zitatu, ndi chapakona: zisanu ndi ziwiri. Nthawi iliyonse mbali ya kumanja yakula ndi chimodzi, ya kumunsi yakula ndi chimodzi, ndiye zofunika kuwonjezera zimakwera ndi ziwiri. Palibe pomwe zingasinthire, kaya sikweyayo ikule kudzaza bwalo la Bingu National Stadium. Apa simukuganiziranso, mukudziwa, ndipo mukudziwa chifukwa chake. Ine chimenechi chimandikoma kuposa china chilichonse m'masamu, ndipo ndimamva chisoni kuti ana ambiri amasiya phunziroli asanachilaweko ngakhale kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: funso limodzi lotere likhoza kukusungani pa desiki madzulo onse, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mutu wanu ndi wouma.

Tichoke m'tauni pang'ono, titenge msewu wa ku Mchinji mpaka pa Chitedze, pamalo a kafukufuku wa zaulimi. Tiyerekeze kuti pabwera mbewu zinayi za chimanga ndipo boma likufuna kudziwa yoti liuze alimi kuti adzale. Wosadziwa adzala mbewu iliyonse pa ndime yake, n'kukolola, n'kuyeza pa sikelo, n'kulengeza yopambana. Koma mlimi aliyense akudziwa kuti munda sufanana. Pamene panali chulu chimanga chimakhala chobiriwira, kumunsi kumene kumadikha madzi chimachita chikasu, m'mphepete mwa msewu mbuzi zimadya. Mbewu imene inagwera pachulu idzaoneka ngati ya mphamvu pomwe mphamvuyo ndi ya nthaka. Mukailengeza, alimi masauzande agula mbewu yolakwika ndi ndalama yomwe anaipeza movutikira.

Njira yothetsera vutoli inakonzedwa ndi katswiri wa masamu Ronald Fisher, amene analembedwa ntchito mu 1919 pamalo a kafukufuku wa zaulimi a Rothamsted ku England, ndipo mu 1935 anatulutsa buku lotchedwa The Design of Experiments. Munda mumaugawa m'zigawo zingapo, chigawo chilichonse chokhala ndi nthaka yofananako. M'chigawo chilichonse mumadula tindime tinayi kuti mbewu zonse zinayi zipezekemo. Tsono mbewu iti ipite pa kandime kati, sasankha munthu, mumachita maere. Maerewo ndiwo amachotsa kukondera, ngakhale kukondera kumene wofufuzayo sakudziwa kuti ali nako. Pokolola, masamu amakuthandizani kulekanitsa kusiyana kochokera ku mbewu ndi kusiyana kongochitika mwamwayi. Wophunzira wa ku LUANAR ku Bunda amene amadandaula kuti, "Ine ndinabwerera ulimi, za statistics zandipeza bwanji kuno?" adziwe kuti mbali yaikulu ya phunzirolo inabadwira m'munda. Ndipo mabungwe ofufuza zaulimi amene ali mu Lilongwe muno sangatulutse lipoti lodalirika popanda munthu wodziwa kuyala kafukufuku motere.

Maere omwewa tikawapezanso pa Kamuzu Central Hospital. Pachipatalachi pali malo a kafukufuku a UNC Project, ndipo Lilongwe anali mmodzi mwa malo amene munachitikira kafukufuku wotchuka wa HPTN 052. Anatenga mabanja 1,763 m'mayiko asanu ndi anayi, mabanja amene mmodzi ali ndi HIV pomwe mnzake alibe. Mwa maere, ena anayamba kumwa ma ARV nthawi yomweyo, ena anadikira kufikira chitetezo cha m'thupi chitatsika, monga mmene malangizo a nthawi imeneyo ankanenera. Mu 2011 zotsatira zinatuluka. Mwa anthu 28 amene anatenga kachilombo kuchokera kwa wokondedwa wawo, 27 anali a m'gulu lodikira, mmodzi yekha wa m'gulu loyamba msanga. Kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Madokotala ndi anamwino ndiwo ankaona anthuwo tsiku ndi tsiku, koma amene anawerengera kuti pafunika mabanja angati kuti yankho likhale lodalirika, ndi amene anatsimikiza kuti 27 kwa 1 si zamwayi, anali akatswiri a masamu a zaumoyo. Kuyambira 2016 m'Malawi muno munthu akapezeka ndi HIV amayamba mankhwala osadikira, ndipo kafukufuku ameneyu ndi umodzi mwa maumboni amene anasintha malangizo padziko lonse. Mtsikana amene amakonda masamu koma amafunitsitsa kupulumutsa miyoyo asaganize kuti ayenera kusankhapo chimodzi.

Boma nalo silingayende popanda owerenga. Kalembera wa 2018, amene anachititsa a National Statistical Office a ku Zomba, anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mumzinda wa Lilongwe anapezamo 989,318. Kalembera wotere amachitika kamodzi pa zaka khumi. Pakati pa zakazo, kuti adziwe za umphawi, za zokolola kapena za thanzi la ana, amafunsa mabanja ochepa oimira dziko lonse, ndipo luso lagona pa kasankhidwe kake. Wogula chimanga pamsika waukulu wa ku Old Town sakhulupirira chimene chili pamwamba pa thumba, amapisa mkono mpaka pakati. Nayenso wofufuza amene wangofunsa mabanja a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene kuli mipanda ya njerwa ndi magalimoto awiriawiri, n'kulemba kuti umu ndi mmene anthu a mu Lilongwe amakhalira, wanama, ngakhale kuwonkhetsa kwake kukhale kolondola mpaka kadontho komaliza. Mtandire ali pafupi pomwepo ndi Area 47, ndipo nayenso ndi Lilongwe.

Zina ndingozitchula mothamanga. Madzi amene a Lilongwe Water Board amatunga mumtsinje wa Lilongwe, osungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, kuti afike pa mpopi wanu pamafunika wowerengera kukula kwa mapaipi ndi mphamvu ya mapampu. Ndalama iliyonse imene mumatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba imatetezedwa ndi njira zobisira uthenga zomangidwa pa masamu. Mu Januwale 2020 mu Lilongwe muno munatsegulidwa African Drone and Data Academy, mothandizidwa ndi UNICEF, kuphunzitsa achinyamata a mu Africa kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kusanthula zithunzi zake pothandiza pa zaumoyo, zaulimi ndi ngozi za madzi osefukira.

[Nyimbo pang'ono]

WOULUTSA: Sindikufuna kuti wina achoke pa wailesi akuganiza kuti digiri ya masamu ndi kalata yolowera ntchito. Ntchito m'dziko muno n'zosowa, ndipo alipo omaliza maphunziro amene akuyendabe ndi maenvulopu a khaki kuchoka ku City Centre kupita ku Kanengo wapansi. Zimene ndaona n'zakuti amene amapeza msanga pogwira ndi amene masamu awo anawaphatikiza ndi china. Choyamba ndi kompyuta. Mapulogalamu a R ndi Python ndi aulere, mukawatsitsa kamodzi amagwira ntchito popanda intaneti, ndipo malipoti a National Statistical Office ndi a Reserve Bank ali poyera kuti aliyense ayeserere pa manambala enieni a dziko lake. Musadikire chaka chomaliza. Ngati laputopu mulibe, gwirizanani ndi mnzanu amene ali nayo, inu muzimuthandiza calculus, iye azikubwerekani madzulo.

China ndi kuyankhula. Mukapeza yankho koma osatha kulifotokozera mkulu wa ku unduna amene masamu anasiyira Fomu 4, yankholo lifera mu kompyuta. Yesani kufotokozera agogo anu, m'Chichewa, chifukwa chimene ngongole ya katapila imakulira chotero. Akamva, ndiye kuti nanunso mwamvetsa. Akapanda kumva, bwererani ku buku.

Ofuna kupitiriza maphunziro adziwe za African Institute for Mathematical Sciences, imene ambiri amangoti AIMS. Inayamba mu 2003 ku Muizenberg, ku Cape Town, ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Imatenga omaliza digiri yoyamba a m'mayiko a mu Africa, kuwaphunzitsa digiri yachiwiri, ndipo osankhidwa pa maphunziro ake akuluakulu amalipiriridwa zonse. Pofunsira malo pamafunika magiredi abwino ndi makalata ochokera kwa aphunzitsi amene amakudziwani. Mphunzitsi sangalembe kalata ya munthu amene zaka zinayi zonse ankakhala kumbuyo osafunsapo funso. Gogodani pa ofesi yake chaka choyamba chomwechi, mufunse kuti, "Adokotala, inuyo mumafufuza chiyani?" Ambiri amasangalala kufunsidwa zimenezo.

Tsono za choko zija. Zimandiwawa kumva uphunzitsi ukutchulidwa ngati kogwera munthu amene kwina kwamukanika. Aliyense amene tamutchula lero, wa ku Reserve Bank, wa ku Chitedze, wa ku chipatala, anadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa Fomu 1 amene anamuonetsa koyamba kuti chilembo chikhoza kuimira nambala. M'masukulu ambiri a sekondale oyendera, masamu amaphunzitsidwa ndi munthu amene sanawaphunzire mozama, osati mwa kufuna kwake koma chifukwa palibe wina. Mwana akafunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" amayankhidwa kuti, "Ndi mmene zimakhalira, ungoloweza." Pamenepo ndi pamene timatayira ana ambiri, makamaka atsikana, amene kunyumba anauzidwa kale kuti masamu ndi a anyamata. Bodza limenelo lilibe umboni uliwonse. Grace Alele-Williams wa ku Nigeria anali mphunzitsi wa masamu, ndipo mu 1985 anakhala mkulu wa University of Benin, mayi woyamba kutsogolera yunivesite m'dziko lakelo. Amene mukuphunzira uphunzitsi wa masamu ku Nalikule kuno ku Lilongwe, ku Domasi, ku Zomba kapena ku Mzuzu, malipiro ake tonse tikuwadziwa kuti ndi ochepa, ndipo boma liyenera kuliona bwino limenelo. Koma ntchitoyo ndi yaikulu, ndipo mukaigwira, kalasi yanu izikhala yololeza mwana kufunsa chifukwa.

Kwa akuluakulu a mayunivesite, pempho langa ndi laling'ono. Ola limodzi pa sabata, chipinda chimodzi, ndi kuitana amene anaphunzira kwa inu kuti adzafotokoze zimene amachita Lolemba m'mawa akafika ku ofesi. Ambiri mwa iwo ali konkuno ku Lilongwe, ndipo amene sangathe kuyenda atha kuyankhula pa foni yolumikiza ku sipika. Aitaneni abwere ndi vuto lenileni la ku ntchito kwawo, ngakhale limene sanalithetsebe, ana alimbane nalo.

Nthawi yathu yatha, koma ndikusiyirani ntchito. Tiyerekeze ligi ya mpira wamiyendo ya matimu 16, monga ligi yathu yaikulu momwe muli Silver Strikers. Timu iliyonse ikumana ndi inzake iliyonse kawiri, pakwawo ndi koyenda. Masewero onse pamodzi akhala angati? Mukapeza nambalayo musaimire pomwepo. Pezani lamulo logwira pa matimu 10, pa matimu 20, pa matimu ochuluka mulimonse, ndipo mukonzeke kufotokozera mng'ono wanu wa Sitandade 8 chifukwa chimene lamulolo silingalephere. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzayambira pa yankho lake tisanalowe m'nkhani ya mmene akatswiri a zanyengo amalosera mvula. 

[Nyimbo yotsekera]